Anafesa Chisanu Chisanathe

Lachinayi m'mawa, Mzime anatsika masitepe a kuseri kwa nyumba ndi keni m'manja, ndipo atangoona mabedi ake anaiwala kuti wanyamula madzi. Keni inapendekeka, madzi n'kumuthira m'mapazi, iye osamva n'komwe.

Tomato yense anali atagona. Timbande tija tinachedwa kumera, titamera n'kukhala toonda, totuwa, lero tinali titawola m'tsinde n'kugwera pansi ngati ulusi wonyowa. Pabedi la tsabola panalibe ngakhale kamodzi, dothi lokhalokha. Nkhaka anafesa mizere itatu, zinamera ziwiri zokha, nazonso zachikasu. Mpendadzuwa uja ankati udzakongoletsa mpanda, atafukula ndi chala anapeza njere zitafewa, zikununkha. Zimene zinaima njii zinali kabichi ndi nsawawa basi, pabedi loyamba, lomwe limaoneka munthu akaima pawindo la kukhitchini.

Tsonotu musaganize kuti mtsikanayu ankalira tomato. Tomato ali mbwee pamsika. Chimene chinamuopsa n'chakuti mkuja, Loweruka, chibwenzi chake Wamaluwa anali kubwera kudzaonekera kwa Mayi koyamba, ndipo Mayi ankadziwa kuti dimba lonseli likuyenda pa malangizo a mnyamatayo. Anawauza choncho ndi Mzime yemweyu, ndi pakamwa pake, osati kamodzi. Akadzaona manda a mbewuwa, wolakwa adzakhala mnyamatayo, ndipo pakhomo pano sadzapondanso.

Mayi anagogoda pawindo ndi supuni, kufunsa ngati zinthu zili bwino kumusiko. Bondo lawo linkawaletsa kutsika masitepe asanu ndi awiri aja, ndiye za dimba ankangozimvera m'kamwa mwa mwana wawo. Mzime anakweza dzanja n'kumwetulira, ndipo Mayi anabwerera ku tiyi wawo.

* * *

Kunyumbako ankamutchula Mzime chifukwa ndiye anali womaliza kubadwa, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Anali telala, ndipo pa singano simukanamuuza kanthu. Koma pa dothi, abale, anali khanda lenileni. Chibadwire anali asanadzalepo ngakhale anyezi mmodzi.

Wamaluwa ankagwira ntchito pa nazale ya m'mbali mwa msewu waukulu. Anakumana tsiku lina Mzime atathawira mvula pansi pa denga la nazaleyo, mnyamatayo n'kumupatsa mpando osamufunsa nambala ya foni. Nambalayo anakaipereka yekha Mzime sabata yotsatira, kunja kuli dzuwa, mvula yothawa kulibe. Zinthu zinayenda msanga kuchokera pamenepo, mpaka nkhani inafika kwa Mayi.

Mayi anali namwino wopuma pantchito, munthu woyamba wayang'ana zikhadabo zako asanayang'ane nkhope. Atamva kuti mwana wawo akuyenda ndi wogulitsa mbande, sanakuwe ayi. Anangoti sanavutike kulera mwana okha kuti adzathere kwa munthu wa matope m'zikhadabo, n'kumukumbutsa kuti mwana wa mnzawo uja wa kubanki akadali wosakwatira. Miyezi isanu ndi itatu nyumbayo inali ya anthu awiri opatsirana mchere osayang'anana. Kenako tsiku lina Mayi, atatopa ndi nkhope yotupa ya mwana wawo, analoza kuseri kwa nyumba. Malo amenewo malemu bambo ake a Mzime ankalimapo ndiwo zamasamba ndi maluwa, ndipo chimwalirireni iwo panangomera tchire. Mayi anati ngati munthuyo akudziwadi kanthu, chionekere pamenepo. Tsiku limene adzabwere, iwo adzatsika masitepewo, adzaone ndi maso awo.

Wamaluwa anasangalala ngati wapambana kale. Popeza pakhomo sankaloledwa kuponda, anamulembera Mzime pepala, n'kulemba mzere pakati. Kumanzere anaika zofesa pompano, m'nyengo yozizira ino: kabichi, nsawawa, anyezi, ndi karoti, amene anati afesedwe pabedi pomwepo chifukwa sakonda kuwokeredwa. Kumanja anaika zodikira. Tomato ndi tsabola anati zidzayambire m'mathireyi ofeseramo mbewu, m'nyumba, pawindo pomwe pamawomba dzuwa, kukatsala masabata asanu ndi limodzi kuti chisanu chithe. Nkhaka ndi mpendadzuwa, zimenezo ndiye mpaka dothi litafunda. Mzime atafunsa kuti adzadziwa bwanji kuti lafunda, mnyamatayo anamugwira dzanja n'kuligoneka pa dothi la m'mawa.

"Ukamva kuzizira kukukwera m'mkono, dziwa kuti mbewu nayonso ikumva chomwecho," anatero. "Iweyo ukhoza kuchotsa dzanja. Mbewu singathawe."

Pansi pa pepalalo analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti asafulumire.

* * *

Akanamvera, bwenzi nkhani ino kulibe. Koma masabata asanu apitawo, tsiku lokatenga mbewu, Mzime anapeza Wamaluwa atatuluka kukasiya maluwa kwa kasitomala, ndipo pakauntala panali Kashiya.

Kashiya anali mkazi wa zikhadabo zazitali zopaka zofiira, wolankhula motsitsa ngati akukuthandiza. Anagwira ntchito ndi Wamaluwa zaka zinayi, ndipo ankadziwa kuti tiyi wake amathira masupuni angati a shuga, chinthu chimene ankaonetsetsa kuti Mzime wachimva. Anatenga pepala lija kuti asonkhanitse mapaketi, analiwerenga, n'kuseka kamseko ka m'mphuno. Mzime anafunsa chomwe chinali choseketsa. Kashiya anati palibe. Mzime anafunsanso, ndipotu anthu otere amangodikira kuti uwafunse kachiwiri.

Anati iye sakonda kulowerera za eni, koma anthu onse obwera pakauntala pakepo akugula tomato ndi nkhaka n'kukafesa sabata yomweyo. Anati mwina mnyamatayo wawerengera bwino: dimba likachedwa, tsiku lokaonana ndi apongozi nalonso lichedwa. Kenako anaika mapaketi m'kajumbo, n'kumuyang'ana Mzime m'maso.

"Mawu akuti dikira ndi ake amenewo, asisi. Inenso anandiuzapo kuti ndidikire. Onani pomwe ndili."

Mzime anafika kunyumba mutu ukutentha. Nsanje ndi mantha zinamugwira limodzi, ndipo m'malo moimba foni kumufunsa mwiniwake, anatenga khasu. Tsiku limenelo anafesa zonse, za kumanzere ndi za kumanja zomwe, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo mpaka mabedi kuchita matope, poganiza kuti madzi ambiri afulumizitsa zinthu. Kwa Wamaluwa analemba kuti watsatira pepala ndendende. Kwa Mayi ananena kuti Wamaluwa ndi amene wati afese zonse pakamodzi. Atangoona kabichi wabiriwira, anakakamira kuti tsiku likhazikitsidwe, aone ngati mnyamatayo azembe. Mnyamatayo sanazembe. Anavomera pomwepo, anati kabichi ndi nsawawa n'zokwanira kuonetsa Mayi, ndipo za mabedi odikirawo adzafotokoza yekha.

* * *

Masana a Lachinayilo uthenga wa Wamaluwa unalowa Mzime ali pamakina osokera.

"Mkuja ndivale jekete kapena shati yokha? Sindikufuna Mayi aganize kuti ndachita kubwereka."

Mzime asanayankhe, unalowanso wina.

"Ndakusungira mathireyi awiri. Sabata yamawa tiyambe tomato, nthawi yake yakwana tsopano. Akandilola Mayi, powokera ndidzabwera ndekha."

Mzime analemba kuti pali chimene ayenera kumuuza. Anafufuta. Analemba kuti Mayi sakupeza bwino, asinthe tsiku. Anawayang'ana mawuwo nthawi yaitali, n'kuona kuti ndi bodza lachitatu pamwamba pa awiri aja, anafufutanso. Pomaliza anatumiza mawu awiri okha: "Vala jekete."

Mnyamatayo anabweza kankhope koseka ndi kamtima. Mzime anasoka mkono wa diresi la kasitomala mozondoka, n'kutha ola lathunthu akumasula.

Madzulo patebulo Mayi anali osangalala m'njira yawoyawo, yoopsa ija. Anati ndodo yawo aikonza kale, ndipo bondo lifune lisafune, Loweruka atsika. Anati bambo ake a Mzime ankakolola tomato wochita kugawira msewu wonse, ndi mpendadzuwa wotalika kuposa mpanda, tsono aone ngati mbande za katswiriyo zikulonjeza ngakhale theka lake. Mzime anaganiza zonena zoona pomwepo, koma ankawadziwa mayi ake. Akanangomufunsa kuti ngati iwe mwiniwake sukhulupirira mawu ake, ukufuna ine ndikhulupirire chiyani? Anangodzuka n'kuchotsa mbale.

* * *

Lachisanu Mzime anatseka shopu yake yosokeramo masana n'kupita ku nazale atatsimikiza mtima kuti akaulula. Mawu anawakonza njira yonse, mpaka pomwe adzapumire. Koma tsoka likamufuna munthu silisowa njira. Wamaluwa anali atapita kukametetsa, kukonzekera mawa, ndipo pakauntala panali yemwe uja.

Mzime akanatembenuka pomwepo. Koma maso ake ofiira ndi kulira anamuulula, ndipo Kashiya anamukokera mpando, kumupatsa madzi, kumufunsa mwachifundo mpaka nkhani yonse inatuluka. Kuulula anaululadi, koma kwa munthu wolakwika. Kashiya anagwira pachifuwa, anati iye sanadziwe kuti Mzime akafesa panja penipeni, anthu ankanena aja amafesera m'nyumba. Anati wamva chisoni kwambiri moti sangamusiye choncho.

Anamutengera kuseri, m'shedi ya pulasitiki momwe munali motentha ngati m'khitchini. M'menemo munali mbande za tomato ndi tsabola zonenepa, zobiriwira, zoti ukaziona umameza malovu. Kashiya anati atenge thireyi imodzi ya tomato ndi ina ya tsabola, akazule zowolazo, akadzale izi dzuwa lisanalowe. Mayi akaona dimba lokongola, mnyamata alandiridwa, ndipo zoona zake adzauzana awiri pambuyo pake, mitima ili pansi. Mzime anafunsa ngati mwiniwake sadzazindikira. Kashiya anati tomato ndi tomato, alibe nkhope.

Mumtima Mzime ankadziwa kuti akupempha mankhwala kwa njoka yomwe inamuluma. Koma mawa linali pafupi kwambiri, ndipo njira ina sankaiona. Ananyamula mathireyiwo m'katoni, analowera pageti la kuseri Mayi akugona tulo ta masana, n'kugwira ntchito ngati wakuba, khutu lili ku windo. Pamene dzuwa linkalowa, mabedi anali atakongola moti iye mwini anatsala pang'ono kukhulupirira.

Chimene Kashiya sananene, ngakhale ankachidziwa bwino lomwe, n'chakuti mbande yokulira m'shedi saitulutsa tsiku limodzi. Amayamba aizoloweza mphepo pang'onopang'ono, sabata yathunthu, masana kunja, madzulo m'kati. Ndipo ngati mwadala, usiku umenewo kunja kunayera mbee, mitambo osaoneka, n'kugwa chisanu choposa masiku onse.

* * *

Mzime anaziona mbandezo Loweruka m'mawa. Masamba onse anali lende, akuda m'mphepete ngati owauka ndi moto. Nthawi yochitanso china panalibe. Teni koloko ndendende, munthu anagogoda pageti.

Wamaluwa analowa atavala jekete yabuluu, tsitsi lometedwa bwino, zikhadabo zotsukidwa mpaka zala kufiira. Ananyamula duwa loyera la mumphika, lomwe Mayi analandira ndi zala ziwiri n'kuliika pansi pafupi ndi nsapato. Anamufunsa za makolo ake, za sukulu, za kumene amakhala, ndiponso ngati ntchito ya mbandeyo ili ndi tsogolo kapena ndi yongodikirira ina. Iye ankayankha modekha, manja ali pamaondo, ndipo kawiri konse Mzime anaona Mayi akusowa pogwira. Tsiku lina zimenezi zikanamusangalatsa. Koma lero pothira tiyi anathira ndi patebulo pomwe.

Kenako Mayi anatenga ndodo.

Pamasitepe mnyamatayo anapereka mkono, Mayi anati masitepe amenewa anayamba kuwatsika iye asanabadwe. Anatsika limodzilimodzi, akulumira mano, Mzime ali pambuyo akulakalaka masitepewo akanakhala zana. Wamaluwa anali atayamba kale kufotokoza kuti mabedi enawo awapeza opanda kanthu mwadala, chifukwa dothi likadali lozizira. Atakhota pakona ya nyumba, mawuwo anathera m'kamwa.

Kenako ananyonyomala, jekete ndi yonse, n'kugwira tsamba limodzi. Analowetsa chala m'dothi n'kutukula mbande. Inatuluka yonse ndi kadothi kake ka makona anayi, kosakaniza ndi utuchi wowola, kasakanizidwe kake iye mwini, ka m'mathireyi ake a m'shedi. Anafukula pambali pake n'kupeza timizu towola ta tomato woyamba uja, tomwe Mzime sanazule bwino. Munthu wa ntchito yake sanafunikire kuuzidwa kanthu. Anadzutsa mutu n'kumuyang'ana Mzime kamodzi kokha, ndipo Mzime analakalaka akanangomukalipira.

Mayi anayendetsa maso kuchokera ku mpanda uku mpaka ku mpanda uko.

"Ndiye ukatswiri wanu ndi umenewu, bambo?" anafunsa motsitsa. "Mwamuna wanga sanaphunzire zaulimi, koma ankadziwa kuti tomato safesedwa m'chisanu. Inu ntchito yanu ndi yomweyi, n'kumuuza mwana wanga kuti afese zonse tsiku limodzi. Masabata asanu wakhala akulawirira kuthirira zinthu zakufa. Ngati simungamuuze zoona pa nkhani ya mbewu, mudzamuuza zoona pa chiyani?"

Wamaluwa anaimirira, n'kupukutira chala pa thalauza lake lochita kusita lija. Mzime anaona mmene nsagwada zake zinalimbira. Pepala lija linali m'thumba la diresi lake, likumuwotcha, ndipo mnyamatayo ankadziwa kuti lilipo penapake. Akanangoti tulutsa pepala, nkhani ikanathera pomwepo.

"Kulakwa ndi kwanga, mayi," anatero. "Sindinafotokoze bwino. Mundikhululukire, ndawononga malo a bambo."

Mayi anati amva. Anati athokoza chifukwa cha duwa, ndipo geti akulidziwa pomwe lili. Anati mwana wawo asadzamusowetsenso mtendere. Mnyamatayo anawerama pang'ono n'kutembenuka, osamuyang'ananso Mzime. Anali atafika pa sitepe lachitatu pamene mawu anatuluka m'kamwa mwa Mzime, mwiniwake osawakonzekera.

"Mayi, akunama. Akubisa ine."

Anatulutsa pepalalo. Ananena zonse, mosalongosoka, misozi ili chuchuchu: kuti anauzidwa kuti adikire iye osamvera, kuti ananamiza onse awiri, kuti mbande zakudazi anazidzala dzulo madzulo pofuna kukwirira zoyambazo. Mayi anavala magalasi n'kuwerenga pepalalo kuyambira pamwamba mpaka pansi, osafulumira, monga ankawerengera makadi a odwala. Atamaliza anafunsa funso limodzi lokha. Ngati pepala lanena momveka chonchi, anamupotoza mutu ndani?

Mzime anatchula Kashiya.

Apa m'pamene nkhope ya Wamaluwa inasintha. Manyozo a Mayi anawapirira osaphethira, koma ichi chinamulasa. Anatsika sitepe limodzi.

"Unamvera iye, ine osandifunsa?"

"Anati ukuzengereza dala. Anati nayenso unamuuza kuti adikire."

"Ndinamuuza kuti ayi. Zaka zitatu zapitazo, ndipo ndinabwereza chaka chatha. Ukanandifunsa, ndikanakuuza tsiku lomwelo." Anapuma pang'ono. "Ndiye dzulo unabwereranso kwa iye yemweyo."

Zinali zoona.

"Ine ndimayesa tili awiri mbali imodzi, tikupempha Mayi," anatero mnyamatayo. "Kani ndinali pamayeso kwa nonse awiri."

Anatsanzika kwa Mayi mwaulemu wonse, anakwera masitepe, ndipo patapita kanthawi anamva geti likutsekedwa pang'onopang'ono, osalimenyetsa.

* * *

Mayi anakhala pa sitepe lomaliza, mwendo wowawawo atauwongola, pepala lili m'manja. Atayamba kulankhula, Mzime anazimva zonse. Anati wawachititsa manyazi pamaso pa mlendo. Anati wawanyozetsa munthu wosalakwa, iwo pamsinkhu wawo. Anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma iyeyu chibadwire sanadekhepo, ngakhale pobadwa pomwe anafulumira ndi masabata atatu. Mzime anagwada pa dothi lonyowalo n'kulonjeza kuti sadzawanamizanso, ngakhale pa kanthu kochepa bwanji.

Kenako Mayi anapinda pepalalo mosamala. Anati zaka makumi atatu m'chipatala anaona amuna a mitundu yonse, ndipo ambiri zinthu zikavuta chala chimathamangira kuloza mkazi. Woti n'kusenza manyazi a mkazi pamaso pa apongozi, mpaka kuthamangitsidwa nawo osatsegula pakamwa, iwo anangodziwapo mmodzi, ndipo ndi amene ankalima pano.

"Muuze abwere mawa adzadye nafe," anatero akudzuka. "Ndili ndi mawu oti ndibweze. Ndipo duwa lija ukalichotse pansi paja."

Miyezi isanu ndi itatu Mzime anapempherera mawu amenewa, ndipo anabwera tsiku limene analibe woti akamusangalatse nawo. Anaimba foni. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, chimodzimodzi. Ndiye analemba, ndipo ulendo uno sanafufute kanthu.

"Ndalakwa, ndilibe chodzikanira. Mayi akuti ubwere mawa, akufuna kupepesa. Chonde ndiyankhe."

Anakhala pamasitepepo foni ili m'manja, dzuwa la masana likumuwotcha khosi, Mayi atalowa m'nyumba. Ola linatha. Kenako tizizindikiro ta pafoni tija tinasintha mtundu, kusonyeza kuti uthenga wawerengedwa. Pamwamba panaoneka kuti wina akulemba. Anasiya. Anayambanso. Mzime anaimirira osadziwa kuti waimirira.

"Asisi, ndi ine. Foni waisiya pakauntala panga, wati lero sakufuna kulankhula ndi munthu. Ali m'shedi, sanadye chichokereni kwanuko, ndiye ndikumukonzera tiyi. Uthenga wanuwu ndaufufuta, ungamuwonjezere mutu."

Anauwerenga katatu. Mwina linali bodza ngati ena aja. Mwina ayi. Munthu yekhayo woti amufunse analibe foni m'manja, ndipo njira yopita m'shedi ija inkadutsa pakauntala.

Chitseko cha kukhitchini chinatseguka. Mayi anasuzumira pamwamba pa masitepe, chikwama chogulira zinthu chili kale pamkono, nkhope yawo itamasuka koyamba chaka chonsechi.

"Wayankha, mwanangu? Wati afika nthawi yanji, kuti ndidziwe pophika?"